Moto wa m'Chala cha a Selina

Matawale,
Zomba.
21 Novembala 2009.

Okondedwa achemwali anga a Benedicta,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino komweko ku Joni, ndipo miyendo ija yasiya kutupa. Kuno tili moyo. Sindinena kuti tili bwino, chifukwa mukundidziwa, ine mawu opaka mafuta sindiwatha. Ndalemba m'malo moimba foni popeza pa foni mumandidula pakamwa, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve kuyambira kumutu mpaka kumchira musanayambe kundikalipira. Mukamaliza kuwerenga kalipani, ine ndili pompano.

Nkhani ndi ya mwana wanu Yvonne ndi banja lake ku Chinamwali. Zina mwamva kale kwa anthu, koma mwamva zopindika.

Mukukumbukira bulangete lija munatumiza pa ukwati wake, laubweya wofewa, la maluwa ofiira, lija anthu ankabwera kudzalisisita ngati khanda? Gwero lake ndi limenelo. Sindikukuimbani mlandu ayi, munapereka ndi mtima wa kholo. Chiperoni chitatha, mphepo youma ija ya mu Ogasiti itayamba kung'amba milomo, tsiku lina m'mamawa Yvonne ankayalula pogona, magetsi atazima. Mukudziwa kuti mwamuna wake Winston sanapezebe nyumba yakeyake, akukhala kwa amayi ake. Ndiye a Selina, apongozi akewo, analowa m'chipinda osaodira, kudzafuna machesi. Mwana anakutumula bulangete, timoto tabuluu nkuthetheka mumdimamo. Popereka machesiwo, zala zitayandikana, kamoto kena kanadumpha kuchoka kwa Yvonne nkuwalasa a Selina pa chala. Basi. Mlandu wonse ndi umenewo.

Tsono ndikufotokozereni, chifukwa ndikudziwa kuti nanunso mtima wagunda powerenga. Tinakulira nyumba imodzi, mantha athu ndi amodzi. Chinthu chilichonse, ngakhale thupi lanulo, chili ndi timagetsi ta mitundu iwiri, monga muonera pa batire, pulasi ndi mainasi. Tikakhala tofanana kuchuluka, palibe chimachitika. Koma zinthu ziwiri zikamakhulana, makamaka izi za nayiloni ndi pulasitiki, china chimalanda timainasi ta chinzake nkudzaza nato. Tsono ta mtundu umodzi sitigwirizana, timakankhana ngati akazi a pamitala, kalikonse kakufuna potulukira. Munthu akakhala wosavala nsapato, kapena mphepo ikakhala ya chinyezi, timatsika m'nthaka mwakachetechete, mwiniwake osadziwa. Koma kukauma, munthu atavala nsapato za pulasitiki, timangodikira m'thupimo mpaka chala chiyandikire chitsulo kapena munthu wina, nkudumpha tonse pakamodzi. Mphezi imene imang'anima pamwamba pa phiri lathuli ndi yomweyo, kungoti iyo ndi yaikulu.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8, koma izi sindinachite kumva kwa munthu. Ndinapha nazo foni ya kasitomala ndi chala changa chomwechi, kenaka ndinakazipeza m'buku lina lopanda chikuto kwa ogulitsa mabuku akale pa msika. Kuyambira pamenepo, ndisanatsegule foni ya munthu ndimayamba ndagwira paipi ya madzi kuseri kwa shopu. Anzanga amati ndimapemphera.

A Selina sanafunse munthu. Anathamangira kwa mneneri Gracious. Simukumudziwa ndi dzina limenelo, koma nkhope mungaikumbuke, ndi uja ankagulitsa makaseti pa depoti. Lero ali ndi suti yoyera ndi chisakasa cha mapemphero kumtunda kwa Chinamwali, ndipo a Selina ndiwo ankatsogolera amayi kumeneko. Iye anati ndi mzimu wa moto, wochokera kuchikazi, kutanthauza kwathu, kwa inu ndi ine. Anamuimika Yvonne pabwalo wopanda nsapato, namuthira ndowa ya madzi, napemphera mpaka mawu kusasa, kenaka anauza anthu kuti amugwire. Moto panalibe. Ukanachokera kuti, munthu ali chinyowere, mapazi ali m'matope? Nthungululu zinamveka mpaka ku msewu.

Mwana atauma nkugonanso m'bulangete, zinayambiranso. Ulendo uno kamoto kanalasa Winston. Anatentha bulangete lanu. Zinatulukira pa pitikoti wa nayiloni, ndipo tsiku lina a Selina anaona tsitsi la mwana likuimirira kutsatira chipeso. Mneneri anati mzimu wasamukira m'tsitsi.

Anamumeta, achemwali. Anamukhazika pa njerwa pabwalo, anthu a mdadada wonse akuonerera, a Selina atamupana mutu m'manja, wina akupala ndi lezala. Kwathu munthu timamumeta pa maliro. Anafa ndani?

Ndipo zonsezi ine osauzidwa. Ine nkhoswe wake, amene ndinaima pa chinkhoswe nkulandira mawu m'malo mwanu. Ngakhale mbale itasweka m'banja, amayamba aitana ankhoswe. Ine ndinamva kwa wakabaza amene anabwera kudzakonzetsa wailesi, akundisimbira ngati nkhani ya anthu ena, osadziwa kuti akunena za mwana wa mlongo wanga. Ndinasiya chowotcherera chili chiyakire, nkukwera kabaza yemweyo.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba atafunda duku, ali ndi mbale yakeyake ndi kapu yakeyake ngati wa chifuwa chachikulu. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Pamenepo ndinayesa kuchita zinthu mwaumunthu, ndipo izi muzidziwe, kuti mawa musadzanene kuti Masautso anayamba ndi nkhondo. Ndinameza mkwiyo, ndinapempha mpando, ndinaitanitsa a Selina, Winston ndi mneneri, amene anali pomwepo akumwa tiyi. Ndinafotokoza monga ndakufotokozerani inumu. Poona kuti mawu sakulowa, ndinatulutsa chipeso m'thumba, ndinakhula m'mutu mwanga, ndinang'amba kapepala tizidutswatizidutswa, nkuyandikiza. Timapepala tinadumphira ku chipeso. Ndinayembekeza kuti aseka. Amayi amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo, wina anakokera mwana wake kumsana. Mneneri anaika kapu pansi mwaulemu, nandiloza.

"Mwaona? Muzu wake ndi uwu. Wadzibweretsa wokha."

Ndinayang'ana Winston. Mnyamata amene uja anafika Folomu 4. Palibe mwana wa sukulu m'Malawi muno amene sanakhulepo bolopeni m'mutu nkutola nayo timapepala. Ndinamufunsa ngati sanachitepo zimenezi m'kalasi. Iye ankayang'ana nsapato zake ngati wazigula tsiku lomwelo. Zimene ndinayankhula pamenepo sindizilemba, mungaiwale kuti ndinabatizidwa. Ndinatenga mwana ndi chikwama chake, tinabwera ku Matawale.

Koma mbiri ilibe malire a mudzi. Mukudziwa kuti Yvonne amadyera kumanga anthu tsitsi. Ndani akanapereka mutu wake m'manja otuluka moto? Makasitomala ake anatha ngati madzi a m'dengu. Akapita ku mpope, amayi ankasuntha ndowa zawo. Ana ankamuimba nyimbo, ya mawu ake ndithu, yokhala ndi kolasi. Mlamu wanu Norah ankabwera kuchokera ku msika maso ali ofiira, osanena chimene wamva. Dzina la mwana linali litafa, ndipo banja lake linali kutsatira.

Mu Okutobala a Yakobo anatumiza mawu. Amenewa ndi alongo awo a Selina, nkhoswe wa kuchimuna, munthu wofatsa koma wopanda msana. Anati tikumane kuti adzatule mwana m'manja mwathu monga mwa mwambo, banja lithe pamaso pa ankhoswe. Anati mneneri abweranso kudzatseka ndi pemphero, kuti mzimu usawatsatire pobwerera. Ndinayankha kuti abwere kwanga, Loweruka masana.

Apa ndiye poyambira kundikalipira.

A Selina ndimawadziwa. Chiwapatsireni udindo ku chisakasa kuja sakhalanso pa mkeka ndi amayi anzawo, amati mawondo. Akafika pamalo amayang'ana mpando wabwino. Ali ndi diresi lija loterera, lobiriwira, la nayiloni kunja ndi m'kati momwe, limene amavala pa zochitika zonse zazikulu, ndi nsapato za pulasitiki zimene savula pakhomo pa munthu. Mneneri naye ndinamuonetsetsa tsiku lija. Popemphera amavula nsapato, amati pamene waponda ndi poyera, ndipo amanyowetsa manja m'botolo lake la madzi odalitsa. Ine sindinawonjezepo kanthu pa anthu amenewa. Ndinangowakonzera pokhala.

Ndinabwereka mpando wa pulasitiki woyera, wa mikono, kwa anzathu obwereketsa mipando ya pa ukwati. Ndinaupukuta ndi nsalu youma nkuuyanika padzuwa. Kapeti wathu wa pulasitiki uja ndinamupinda kuti atsale ku ngodya imodzi yokha, pamene panali mpandowo, kwina konse simenti. Ndinamuveka Norah diresi lake la nayiloni, ndinati akhale, aimirire, akhale, aimirire, kenaka ndinamuyandikiza tesita, kasikuludalaivala kaja ka nyali m'kati. Kanaphethira. Norah anati zimene ndikuchitazi Mulungu akuona. Ndinati anaonanso lezala.

Loweruka lake kunatentha moti malata ankalira okha. Ndinatseka makatani, ndinati dzuwa. Anafika anayi, a Yakobo, a Selina, Winston ndi mneneri. A Yakobo ndi Winston anavula nsapato pakhomo natipatsa moni wa m'manja. A Selina analowa ndi nsapato zawo, manja atawapinda pachifuwa, nati moni wa pakamwa ukwana, m'nyumba muno sagwira munthu. Ndinati zikomo amayi, mwachita bwino. Ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima, chifukwa akanagwira munthu msanga zonse zikanatayikira m'njira. Norah anawayalira mkeka pafupi ndi pamene anakhala iye ndi Yvonne. Iwo anaudumpha ngati chithaphwi, nakakhala pa mpando woyera uja. Sindinawalozere ine. Anasankha okha.

A Yakobo anayamba ndi miyambi, kuzungulira ngati ng'ombe ya pa chigayo. Ine ntchito yanga inali imodzi, kuti a Selina asakhazikike. Mwakhala mukundinena kuti pakamwa panga padzandiphetsa. Tsiku limenelo panandigwirira ntchito. Ndinafunsa ngati lezala lija anagula latsopano kapena ndi lomwe amametera ndevu zawo. Anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu, a Yakobo nkuwakhazika. Ndinafunsa ngati bulangete analitenthadi lonse, kapena mbali ina ikufundidwa ku chipinda chawo. Anadzukanso. Ndinanena za mandasi awo, kuti mzimu weniweni uli m'mafuta amene amakazingira chaka chonse osasintha. Apo ndiye anadzuka, nakhala, nadzukanso, akudzisuntha pa mpando uku ndi uku, diresi likulira fwaa, fwaa. A Yakobo ankangoti khalani pansi achemwali, khalani pansi, osadziwa kuti akundithandiza kupalasa moto. Ndinaona nsonga za tsitsi zimene zinatulukira pansi pa duku lawo zitayamba kuimirira. Ndinatseka pakamwa. Ndinati ndamva, mwana tamulandira, abusa atseke.

Mneneri anavula nsapato ndi masokosi omwe, naponda pa simenti. Anatsanulira madzi odalitsa m'manja mpaka ena kudonthera pa mapazi. Anati a kuchimuna agwirane manja kuti atuluke m'nyumba muno ali omangika pamodzi, ndipo anatambasulira dzanja lake kwa a Selina, amene anali kudzuka pa mpando.

Achemwali, ndaona zothetheka zambiri pa ntchito yanga, koma iyi inali yokongola. Kamoto kabuluu, kotalika ngati mpunga umodzi, kanatuluka ku chala cha a Selina nkulira ngati munthu wathyola kamtengo kouma. M'chipinda munali kamdima, aliyense anaona. Mneneri anadumpha chambuyo nagunda kabati, makapu nkugwedezeka.

A Selina ankayang'ana chala chawo ngati cha munthu wina. Ine ndinayankhula motsitsa, mwaulemu wonse umene amayi anatiphunzitsa.

"Abusa, paja munati mzimu uli kuchikazi. Tithandizeni, a Selina ndi mbumba ya yani?"

Munthu wogulitsa makaseti sasowa nyimbo ina. Anatseka maso, anagwedeza mutu, nati tsopano zavumbuluka, mzimu unabisala mwa mwini nyumba kuyambira kale, ndipo mtsikanayu unkangomugwiritsa ntchito ngati chophimba. A Selina anagwera pa mpando, akuti ayi, ayi abusa, ine mukundidziwa. Anadzukanso natambasula manja kwa a Yakobo, mlongo wawo wa bere limodzi, kuti awagwire. A Yakobo anabweza dzanja nkulibisa kumbuyo.

Pamenepo ndinakhuta. Sindinadye tsiku limenelo, ndipo njala sindinaimve.

Zotsatira zake mwina mwamva. Anawathira ndowa ya madzi ku chisakasa kuja, pamaso pa amayi omwe ankawatsogolera. Udindo anawalanda. Ku mpope ndowa zimene zikusunthidwa tsopano ndi za pafupi ndi iwo. Mandasi awo amakhala m'beseni kuyambira m'mawa mpaka ntchentche kutopa. Nyimbo ija ana sanaitaye, anangosintha dzina. Chinamwali si njira yanga, koma masiku amenewa ndakhala ndikupeza zifukwa zodutsira kumeneko. Ndimatsika pa njinga, ndimayenda pang'onopang'ono, ndimawapatsa moni wa pakamwa. Andiyankha kapena ayi, zonse zimandikomera. Akalamba, achemwali, mwezi umodzi wokha. Mukuganiza kuti ndimva chisoni. Ndayesa kuchifunafuna m'mtimamu, ndikumangopeza njerwa ija anakhazikapo mwana.

Kwa Yvonne zinthu zinatembenuka. Amayi a ku mpope anayamba kumupatsa moni, ena mpaka kumupepesa. Makasitomala awiri atatu anabwerera. Ndipo tsiku lina madzulo Winston anabwera ndi a Yakobo, atanyamula tambala. Anagwada pakhonde. Anati walakwa, anasocheretsedwa, tsopano wadziwa kuti vuto linali amayi ake, wapeza chipinda cha lendi kuno ku Matawale, akufuna mkazi wake. Ine mumtima ndinati ntchito yatha, dzina labwerera, banja labwerera, wolakwa walandira zake. Ndinaitana Yvonne kuti ayankhe yekha.

Mwana wanu uja si wofatsa monga timamuonera. Anakhala pa mkeka, anamvetsera mpaka Winston kumaliza, kenaka anamufunsa ngati akukhulupiriradi kuti amayi ake ali ndi mzimu wa moto. Winston anati aliyense anaona. Anamufunsanso ngati ankakhulupiriradi kuti iye, Yvonne, anali nawo. Winston anayambanso kuwerenga nsapato. Ndiye Yvonne anatembenukira kwa ine.

"Amalume, ine ndinakuonani tsiku lija ndi azakhali a Norah, mukuyesa mpando. Ufiti simunauchotse, mwangouvula ine nkuveka wina. Tsiku limene pitikoti wanga adzathethekenso, abusa adzati wabwerera kwawo. Ndipo uyu adzagwiranso tochi pamene akundimeta."

Sindinkadziwa kuti Winston ndiye anawaunikira pometa, poti kunali kutayamba kuda. A Yakobo anatsokomola. Tambala yekha ndiye anayankhula.

Yvonne anapereka mawu ake, ndipo sanawasinthe mpaka lero. Anati abwerera kwa mwamuna wake tsiku limene ine ndidzanyamule mpando uja kupita nawo ku Chinamwali, pabwalo pomwe anamumetera, pamaso pa anthu omwe aja, nkukhazikapo aliyense, a Yakobo, wakabaza, ine, ngakhale mneneri ngati angalimbe mtima, kuti aone okha kuti moto umatuluka mwa munthu aliyense. Anati chipeso anachikana chifukwa chinali m'manja mwanga, koma moto wotuluka m'chala cha munthu mwiniwake sangaukane. Anati sakunenera a Selina, a Selina sadzawakhululukira, koma iye sangagone m'banja limene laimira pa bodza lomwe lija linamumeta.

Ndinakalipa alendo atapita. Ndinati ndakubwezera dzina, ndipo iwe ukufuna ndikasambitse amene anakunyoza? Anati sakufuna ndisambitse munthu, akufuna agone tulo. Norah anali mbali yake. Pomaliza ndinalonjeza kuti ndipita Lamulungu, anthu akatuluka ku mapemphero. Ndinamuchenjeza ndithu, poti ine sindibisa mawu, kuti zimenezi zimafuna mphepo youma, mvula ikangoyamba mpando ungakhulidwe mpaka kutha, palibe chingatuluke.

Lamulungu loyamba ndinati eni mpando aubwereketsa ku ukwati. Zinali zoona, ngakhale kuti mipando yotere ili ponseponse. Lotsatira lake kunali maliro kwa aneba, sindikanachoka. Linalo ndinadzuka ndi msana. Yvonne sanakangane nane. M'mawa uliwonse ankatuluka pakhonde nkuyang'ana ku phiri, kumene mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa Mulunguzi. Nanenso ndinkayang'ana komweko. Tonse tinkapemphera, koma mapemphero athu sanali amodzi.

Lachinayi masana yagwa. Yagwa ya mkokomo, ngalande za Matawale kusefukira, ana kuvina m'matope. Kuyambira pamenepo chilichonse m'nyumba muno n'chonyowa, mchere womwe wasungunuka m'botolo. Yvonne anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana madzi akutsika m'malata, kenaka anandiyang'ana ine. Ndinati mwana wanga, mvula sindigwetsa ine, tidikire Ogasiti. Analowa ku chipinda. Dzulo m'mawa walongedza chikwama, wakwera minibasi ya ku Jali, kwa agogo ake. Kwa Winston watumiza mawu kuti tambala wake akamutenge, Norah akumusunga kuseri. Kwa inu akuti mumufunire malo kumeneko, ayamba kuyendera za pasipoti. Banja lija, mmene ndikuonera ine, latha.

Tsono pali chimodzi chimene ndikuuzani inu nokha, popeza inu ndi ine sitinabisiranepo. Ogasiti si wofunika kumudikira. Munthu atatseka mawindo, nkuyatsa mbaula m'chipinda mpaka mphepo iume, nkusita diresi ndi simbi yotentha, moto ungatuluke ngakhale kunja kukugwa mvula. Ndikudziwa chifukwa ndayesa dzulo madzulo ndekha mu shopu, tesita waphethira. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana makala mpaka kuzima. Ndinaganiza za nkhope ya a Selina anthu akuwagwiranso dzanja, akutsogoleranso nyimbo, akusimba kuti Mulungu wawayeretsa. Ndinatseka shopu nkubwera kunyumba.

Mudzanena kuti ndaphwanya banja la mwana wanu chifukwa cha mtima wanga. Nenani. Ine ndikuti mwamuna wogwira tochi si banja, ndipo mwana adzandithokoza akadzakula. Norah akuti ndimanena zimenezi kawirikawiri kwambiri kwa munthu amene akuzikhulupirira. Norah amayankhula zambiri masiku ano.

Mankhwala a miyendo aja musaleke kumwa. Kalatayi ndapatsira a Nasoro a thiransipoti, anyamuka Lolemba, ndaikamo ndi chigwada chouma chimene munapempha. Mlamu wanu akupereka moni, akuti mumupempherere pokhala ndi munthu ngati ine. Amayi ku Jali ali bwino, ayamba kubzala. Mukatumiza moni wa a Selina mutumize kudzera kwa wina, ine sindikafikitsa.

Yvonne sanasiye moni woti ndilembe. Mukamuimbira, za mbaula musamuuze. Mungomufunsa ngati anafika bwino, ngati msewu wa ku Jali sunawavute ndi matope, ndiponso ngati anatenga juzi, chifukwa ndaipeza ina pa chingwe kuseri. Mukamva mundiuze. Foni yanga sakuyankha.

Ndine mlongo wanu,
Masautso.